Lole ikavuta, ogulitsa sangakukankhireni kufakitale

Pakati pa Amalawi ogula malole ndi mabakkie ku Johannesburg pamamveka zoti galimoto ikangotuluka pageti, vuto lililonse ndi la kampani yopanga, ogulitsa alibenso mlandu. Si zoona.

Ndime 56 ya Consumer Protection Act ya 2008, lamulo loteteza ogula ku South Africa, imamanga onse: opanga, oitanitsa kunja ndi ogulitsa. Gearbox kapena injini ikaonetsa chilema pasanathe miyezi 6 chilandirireni galimoto, mumabweza galimotoyo komwe munaigula, ndipo wosankha ndinu: akonze, asinthe, kapena abweze ndalama. Akakonza koma vutolo n'kupitirira kapena kutuluka lina pasanathe miyezi 3 chikonzereni, zokonzanso zatha. Asinthe kapena abweze ndalama. Ambiri amaluza pomwepa chifukwa cha mapepala, choncho sungani job card (pepala losonyeza zomwe akonza) iliyonse ndipo dandaulo lizikhala lolemba.

Mawu oti voetstoots (kugula chinthu monga momwe chilili) sapulumutsa ogulitsa, pokhapokha chilemacho anakuuzani momveka inu n'kuvomera. Koma mukagula kwa munthu wamba, kapena kampani yanu ikakhala ndi katundu kapena malonda apachaka ofika R2 miliyoni, ndimeyi sikutetezani. Kupatsa makaniko wapakona kuti aphwasule injini nakonso kumaononga mlandu.

Ogulitsa akakana, kadandauleni ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi yomva madandaulo a ogula magalimoto.