Makalasi atatsekedwa, mimba inataya wotchi

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, kuphatikizapo makoleji a Chanco, Poly, Bunda, Mzuni ndi MUST. M'bindikiro weniweni ngati wa ku South Africa ife sitinaulawe, chifukwa khoti lalikulu linaimitsa uja wa masiku 21 womwe umayenera kuyamba pa 18 Epulo. Komabe ophunzira anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu.

Ife a ntchito ya kadyedwe timakonda kufunsa kuti munthu wadya chiyani. Nyengo ija inatiphunzitsa kufunsanso kuti wadya nthawi yanji.

Taganizirani wophunzira wokhala ku Chikanda ku Zomba. Chakudya chake sichinali chonyaditsa: tiyi wa mandasi, tchipisi cha pachiwaya, madzulo nsima ya masoya pisi kapena bonya. Koma makalasi ankamudzutsa m'mawa, ankayenda wapansi kupita ndi kubwera, ndipo njala inkadziwa nthawi yake. Makalasi atatha, zonsezi zinabalalika. Bandulo ya usiku ndi yotsika mtengo, ndiye munthu ali pafoni mpaka atambala kulira, kudzuka dzuwa lili pamutu, kadzutsa n'kusanduka nkhomaliro.

Apa mpamene pagona nkhani. Munthu akamagona mopereweza, m'thupi mumachuluka timadzi totchedwa ghrelin tomwe timautsa njala, pomwe leptin, yemwe amauza ubongo kuti wakhuta, amachepa. Ndipo njala ya pakati pa usiku siifuna chisoso ayi. Imafuna za shuga, za mafuta, kapena mkute wa nsima. Kudya kotero, thupi lili khale tsiku lonse, ndi kumene kunathinitsa mathalauza a ambiri.

Sikuti onse zinawaipira. Amene anabwerera kumudzi anafikira nyengo yokolola: maungu, mtedza, mbatata, nkhwani wotendera. Ena mwa iwo ndi pomwe anayandikira magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timalalikira kusikelo, kuposa momwe ankadyera kukoleji. Amene ndinawamvera chisoni ndi a m'tauni omwe makolo awo geni inaima. Kumeneko nkhani sinali yonenepa. Ndiwo zinachepa, ndipo mwana wa payunivesite anali pakamwa pena powonjezera pa thumba la ufa lomwe lija.

Mliri unapita, koma chizolowezi cha foni usiku chinatsala. Wophunzira akandidandaulira za thupi lolemera kapena kutopa m'kalasi, ndisanafunse za m'mbale ndimayamba ndamufunsa kuti dzulo wagona nthawi yanji.