Akalemba X wofiira pa fensi yanu, komiti iyambire pati?

Ntchito yanga ndi yowerengera mtengo wa nyumba ndi malo, ndiye za msewu kudutsa pakhomo pa anthu ndaziona ndithu muno mu Blantyre. Zimayamba chimodzimodzi, mwadzuka m'mawa mwapeza X pa fensi, pofika madzulo gulu la WhatsApp latsegulidwa, Loweruka komiti yasankhidwa ndipo tcheya ndi uja amalankhula mokweza kuposa onse. Palibe vuto. Chimandiwawa n'choti makomiti ambiri amathera mphamvu pokonza mademo, pomwe ndalama zimatayika tsiku limene akalembera akuyenda khomo ndi khomo ndi tepi, eni ake ali ku Limbe kogwira ntchito, pakhomo pali mwana yekha.

Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma litha kutenga malo anu ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse, koma likudziwitseni nthawi ilipo, likupatseni chipukuta misozi choyenera, ndipo khomo la khoti ndi lotsegula. Kuletsa msewu n'kovuta, ndisakunamizeni. Kukangana pa mtengo ndiye ufulu wanu.

Pali nkhani ya road reserve, malo a m'mbali mwa msewu amene lamulo linasungira msewuwo. Pa msewu waukulu ngati M1 ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuyezera pakati pa msewu, ndipo amene anamanga m'katimo mlandu wake ndi wofooka. Koma apa mpamene komiti yanzeru imafunsa kuti ndalama za polojekitiyi zikuchokera kuti, chifukwa zikakhala za World Bank kapena African Development Bank malamulo awo amati ngakhale wopanda mapepala a malo alipidwe pa zimene anamanga ndipo athandizidwe posamuka. Lembani kalata yopempha mapu a msewuwo ndi lipoti la zachilengedwe lomwe limadutsa ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, lamulo la Access to Information, lokupatsani ufulu wopempha mapepala otere ku boma, linayamba kugwira ntchito mu 2020, musamachite manyazi ngati mukupempha mchere kwa aneba.

Tsopano chachikulu, cut-off date. Ndi tsiku lomwe kalembera amatsekedwa, chomangidwa pambuyo pake sichilipidwa, ndiye aja amathamangira kudzutsa chigafa usiku akungotaya njerwa. Tsikulo lisanafike komiti ikhale itapanga kale kaundula wakewake, nyumba iliyonse ijambulidwe pa foni, muyeze nokha, ndipo mulembe zonse mpaka chimbudzi, bafa, chitsime, khola la nkhuku, fensi, mtengo uliwonse wa mango kaya mapeyala. Ndimakumbukira mayi wina amene anasaina fomu osawerenga, atabwera kwa ine akudandaula kuti okala yawo ya kutsogolo kwa nyumba, yomwe inkalipirira ana sukulu fizi, sinalembedwe. Ndinayang'ana pepalalo, siginecha yawo ili pompo pansi. Zinatheka kukonza koma zinatenga miyezi ndi mathiransipoti ambirimbiri. Musasaine pomwe simunawerenge, ndipo jambulani fomuyo isanachoke m'manja mwanu.

Onaninso deti ya valuation, tsiku lomwe anawerengera mtengo wa nyumba yanu. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, munthu amene anamuwerengera nyumba izi zisanachitike n'kudzalandira pambuyo pake sakanagula simenti ndi malata ofanana. Malipiro akachedwa pemphani kuti awerengerenso, ndipo mukapempha ngati gulu, pa kalata imodzi ya mayina onse, amamva msanga kusiyana n'kumapita mmodzimmodzi.

Komitiyo isakhale ya malandilodi okhaokha. Alendi nawonso akusamuka, wometa wa pakona akutaya makasitomala, amayi a mandasi chimodzimodzi, ayikenimo. A mfumu kapena a block leader akhalepo ngati mboni, koma wina aliyense asasainire mnzake, ngakhale tcheya amene, ndalama zipite ku akaunti ya mwini wake. Ndipo ngati ploti ndi yamasiye, pabanja gwirizanani msanga dzina loti lilembedwe, ndaonapo ndalama zitaima chifukwa amalume ndi mayi wamasiye aliyense wabwera ndi pepala lake. Zikafika pamenepo ndipo loya mulibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Blantyre momuno, pitani ndi kaundula wanu uja ndi zithunzi zonse.