Limandi ili ndi malire: werengani masiku

Wachibale akamangidwa, banja limatanganidwa ndi kupereka chakudya kuchitokosi n'kuiwala chinthu chimene chingamutulutse: kuwerenga maola ndi masiku. Lamulo linaika malire a nthawi imene boma lingasunge munthu amene sanapezeke wolakwa, koma malirewo sagwira ntchito okha ngati palibe wowakumbutsa.

Tiyambe ndi maola 48. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, auzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungira, apo ayi atulutsidwe. Ambiri amasokonezeka ndi kawerengedwe kake. Munthu akagwidwa Lachisanu 10 koloko m'mawa, maolawo amakwana Lamulungu, tsiku limene khoti siligwira ntchito. Ndiye ayenera kuonekera Lolemba, ndipo Lolembalo likakhala la tchuthi, Lachiwiri. Mawu akuti "tikufufuzabe" sawonjezera ola ngakhale limodzi. Apolisi akafuna nthawi ina, akapemphe kwa majisitireti, womangidwayo ali pomwepo. M'maola amenewa munthu ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe amene ayenera kumukakamiza kuvomera mlandu.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 2010, pamene Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni n'kuikamo malire a limandi. Pa mlandu wozengedwa kukhoti la majisitireti, munthu asapitirire masiku 30 ali m'ndende mlandu usanayambe. Pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu, kugwiririra, kuba moopseza ndi kuukira boma, malire ndi masiku 90. Woimira boma pamlandu angathe kupempha khoti kuti liwonjezere, koma kuwonjezerako sikupitirira masiku 30, ndipo ayenera kupereka zifukwa zomveka.

Apa m'pamene pagona vuto. Masiku akakwana, chitseko cha ndende sichitseguka chokha. Lamulo limangopatsa khoti mphamvu yopereka belo, lokha kapena wina akapempha. Ndiye taganizani za munthu wa ku Maula kapena ku Chichiri amene doketi lake linasowa, wapolisi wofufuza anasamutsidwa, abale ali kumudzi ndipo ndalama yoyendera alibe. Palibe amene amatengera dzina lake pamaso pa woweruza, ndipo miyezi imasanduka zaka. Izi n'zopweteka kwambiri chifukwa ena mwa anthuwa, akanaweruzidwa msanga, chilango chawo chikanatha kalekale.

Choncho tsiku lomwe munthu wamangidwa, lembani deti ndi nthawi, polisi imene ali, dzina la wofufuza, ndipo akaonekera kukhoti, nambala ya mlandu. Popanda nambalayo kalaliki wa khoti amavutika kupeza fayilo. Malire akayandikira, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene imapereka maloya kwa osowa ndalama, kapena funsani alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende ndi zitokosi. Iwowa amathandizanso kulemba mayina a opitirira nthawi kuti majisitireti akawamve pa makhoti amene amachitikira mkati mwa ndende.

Pa mlandu wakupha, majisitireti sangapereke belo, pempho limapita ku High Court. Koma musamve zoti wopha munthu belo sapatsidwa. Mu 2005, pa mlandu wa Mvahe, khoti la Supreme linagamula kuti ndi boma limene liyenera kusonyeza kuti kumutulutsa kungasokoneze chilungamo, osati woganiziridwayo kudzichonderera ndi zifukwa zapadera. Zimene khoti limayang'ana n'zakuti kodi munthuyo angathawe, angaopseze mboni, kapena angaononge umboni. N'chifukwa chake kukhala ndi malo odziwika okhala, banja, ntchito, ndi abale awiri odalirika omuikira kumbuyo, okhala ndi ziphaso zawo m'manja, kumathandiza kuposa kulira pakhomo pa khoti.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani kuti mupereke kangachepe akupempha ziphuphu. Ya kukhoti nthawi zina imafuna ndalama ya chikole, ndipo imeneyo mulandire lisiti la boma n'kulisunga bwino, chifukwa mlandu ukatha munthuyo atatsatira zonse, ndalamayo imabwezedwa. Belo sikutha kwa mlandu. Wojomba tsiku la khoti kapena losayinira kupolisi amagwidwanso, chikole chimatha kulandidwa, ndipo omuikira kumbuyo aja amalipitsidwa ndalama imene analonjeza.