Si wotchi iliyonse yakale imene imatsekulidwa ndi mpeni

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti wotchi yakale ya m'thumba imatsekulidwa poikanula kumbuyo ndi nsonga ya mpeni. Zafika potopetsa, chifukwa mawotchi abwinobwino akandikakandika nawo malangizo amenewa.

Zivindikiro zake n'zosiyana. China chimakhala ndi hinji komanso kamlomo kolowetsapo chikhadabo. China n'chamazinga, ngati cha botolo: mumachipanikiza ndi chikhatho n'kuchipotokola chakumanzere. Chimenechi mukachikanula ndi mpeni, mazinga amawonongeka.

Yang'anani nokha m'mphepete mwake pamalo owala. Ngati palibe hinji kapena kamlomo, mpeni usiyeni. Chikakana kuzungulira, musakakamize, pitani nayo kwa wokonza mawotchi. Ikatseguka, musagwire makina ndi chala, thukuta limabweretsa dzimbiri. Ndipo musanauze mnzanu njira yotsekulira wotchi yake, yambani mwaona mtundu wa chivindikiro chakecho.