Fizi yolipiriratu ku America silowa m'madzi

Ndatopa kumva kuti ukalipiriratu fizi ya koleji ku America, mwana n'kukana sukulu kapena kukaphunzira ku steti ina, ndalama zonse zalowa m'madzi. Zaka zapita, bodzali likungozungulirabe.

Mapulani olipiriratu amenewa, a m'gulu la mapulani osungira ndalama za maphunziro lotchedwa 529, amagulitsa fizi ya m'tsogolo pa mtengo wa lero. Amalola kuikapo m'bale wake wa mwanayo m'malo mwake. Mwana akapita kwina, mapulani ambiri amalipirako ndithu, ngakhale sizikwana fizi yonse. Kubwezeredwa n'kotheka, koma phindu lake limadulidwa msonkho, kawirikawiri ndi chindapusa cha 10% ya phindulo. Chodandaulitsa chenicheni n'chakuti chakudya ndi pogona nthawi zambiri sizilowamo.

Malamulo amasiyana steti ndi steti. Werengani pangano la pulaniyo, makamaka gawo la kubweza ndalama, musanauze mnzanu zongomva.