Nyambo ya m'sitolo ndi nyambo ya m'chitini

Tsiku lina pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, ndinapeza mnyamata wa m'tauni atatsegula kabokosi kake, asodzi atamuunjirira. M'kabokosimo munali tinsomba tapulasitiki tonyezimira, tina tofiira tina tobiriwira, ndi kabotolo ka madzi onunkhira ngati switi. Ankati mlamu wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Mkulu wina amene ankasoka ukonde chapambali anangosuzumira n'kufunsa kuti, "Achimwene, zimenezi mwabweretsera nsomba kapena ana?" Anthu anafa nacho chiseko. Komatu funso lomwelo ndimakumana nalo kawirikawiri pa ntchito yanga ya ulangizi wa za usodzi, kungoti ena amalifunsa mwaulemu: kodi nyambo yogula imaposa yodzipangira?

Ine ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti mbedzayo mukaiponya m'madzi ati. Boma lathu la Zomba lili ndi madzi a mitundu iwiri yosiyana kotheratu, ndipo nsomba za m'madzi amenewa sizipeza chakudya mofanana.

Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Likangala, Domasi, Thondwe ndi mitsinje ina imathira momwemo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosaya, moti mphepo ikangoomba matope a pansi amavunduka, ndipo mukamiza mkono mpaka m'chigongono zala simuziona. Inaphwapo mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 tinaonanso mabwato atakhala pa dothi long'aluka. Nsomba zimene zimapirira kwambiri moyo woterowo ndi zitatu zija timazidziwa tonse: matemba, makumba ndi mlamba. Pa zitatuzi, wa mbedza weniweni ndi mlamba.

Tamuyang'anitsitsani mlamba mukadzamugula pamsika. Timaso take n'tating'ono poyerekeza ndi chimutu chakecho, koma ali ndi ndevu zisanu ndi zitatu. Ndevu zimenezo si zokongoletsa. Ndi zomwe amafufuzira ndi kulawira chakudya, ndipo ngakhale pakhungu pake pali tiziwalo tolawira. Amakonda kudya usiku, akukwawa pansi m'matope. Ndiye kansomba kapulasitiki kaja, kamene anakapanga kuti kanamize diso la nsomba m'madzi oyera, ku Chilwa n'chimodzimodzi kuvinira munthu mumdima. Kabotolo kaja nako, zambiri zotere zochokera ku South Africa amapangira nsomba za m'madamu a kumeneko monga carp ndi bass. Sikuti mlamba sangazikhudze, chifukwa mlamba sasankha kwenikweni, koma mudzakhala mutalipira ndalama zambiri pa ntchito imene nyongolotsi imagwira ulere.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Nsomba imamva fungo la zokhazo zimene zasungunuka m'madzi. Fungo limene mphuno yanu ikumva mumpweya silikutanthauza kuti nsombanso ilimva. Timadzi totuluka m'thupi la nyongolotsi yobayidwa, m'chiwindi cha nkhuku kapena m'katemba kodula timasungunuka n'kuyenda ndi madzi, ndipo mlamba amatsata kanjira kameneko mpaka kukafika pambedza. Mafuta ophikira, omwe ena amathira mu nyambo poganiza kuti akuikoleretsa, amangoyandama pamwamba pomwe nsomba ili pansi. Apa mpomwe nyambo yakwathu imapambanira, chifukwa ndi yaiwisi ndipo ikadali ndi madzi ake. Pa chifukwa chomwechi, nyambo ikakhalitsa m'madzi imasukuluka. Katemba koyezuka kali pambedza kuyambira madzulo n'kosathandizanso. Chotsani, ikani kena.

Tsono tisanamizane kuti nyambo yodzipangira ndi yaulere kotheratu. Mu Okutobala nthaka ikauma gwa, nyongolotsi zimalowa pansi, ndipo munthu ungathe m'mawa wonse ukukumba n'kupeza zisanu. Odziwa amakumba patsinde pa nthochi, kuseri kwa bafa kapena m'mbali mwa khola, pomwe chinyezi sichitha. Ochenjera kwambiri amaziweta. Mumatenga chidebe chakale, n'kuboola timabowo pansi, n'kuikamo dothi lakuda losakaniza ndi manyowa owolerana, pamwamba n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Chikhale pamthunzi. Muziwaza madzi pang'ono kuti dothi lingokhala lachinyezi, osati lamatope, ndipo madziwo asakhale a m'nyanja, chifukwa mchere ndi nyongolotsi sizimvana. Kamadeya kapang'ono pa sabata n'kokwanira. Mukachulutsa amatentha n'kuzipha. Mvula yoyamba ikagwa mavuto amachepa, ngumbi zimatuluka, ziwala zimachuluka, ndipo zonsezi nsomba zimazidziwa kale popeza madzi osefukira amazikokolera m'mitsinje chaka ndi chaka. Katemba nakonso ndi nyambo yabwino ya mlamba, koma kumbukirani kuti ndi ndiwo. Wotchera chingwe cha mbedza zambirimbiri ayenera kuwerengera ngati milamba imene akole ibweze mbale ya matemba imene waimiza.

Makumba ndi nkhani ina. Kamwa lake n'laling'ono ndipo chakudya chake chenicheni ndi ndere ndi tizomera ta m'madzi, n'chifukwa chake ambiri amagwidwa ndi ukonde ndi miono kusiyana ndi mbedza. Wofuna kuwawedza m'mitsinje kapena m'damu ayambe wawaitana. Kazingani madeya mpaka atayamba kununkhira, muwanyowetse, muumbe timibulu n'kuponya pamalo amodzi, kenaka mudikire. Masese a mowa wamasese amagwiranso ntchito yomweyi. Za pambedza, phikani kansima kolimba ka mgaiwa, muthiremo ufa wa chinangwa pang'ono kuti kamate, ndi matemba ouma osinja kuti kamveke. Muyese m'beseni musananyamuke: kambulu kakasungunuka musanathe kumanga mbedza ina ndiye kuti chinangwa chachepa, kakakhala gwa ngati mwala osatulutsa kanthu ndiye kuti mwachulutsa. Muyezo wake sindingakulembereni, popeza ufa wa pa chigayo chimodzi sufanana ndi wa pa china. Dzanja ndilo limaphunzira. Ndinaonapo bambo wina ataumba nyambo yaikulu ngati mbamu ya mlendo, tsiku lonse nsomba zikungomudyera m'mbali. Kambulu kasapose njere ya chimanga.

Kwerani phiri tsopano. Mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa Zomba madzi ake ndi ozizira, oyera moti miyala ya pansi mumachita kuiwerenga. Kumeneko azungu a nthawi ya atsamunda anaikako trout, nsomba imene kwawo ndi ku North America. Iyi ndi nsomba ya maso. Imaima moyang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira tizilombo totengedwa ndi madzi, ndipo ikaona chithunzithunzi cha munthu imathawa. Nyambo zake ndi tija timbedza tomangiridwa nthenga ndi ulusi kuti tioneke ngati kachilombo. Apa ndiye nyambo yogula ili pakwawo, ndipo mnyamata wa ku Kachulu uja akanakhala kuti anakwera phiri m'malo motsetsereka, palibe akanamuseka. Musanaponye mbedza kumeneko funsani kaye oyang'anira nkhalango za chilolezo ndi mtundu wa nyambo wololedwa.

Chomwe ine sindinyengerera pogula ndi mbedza ndi chingwe. Nsomba zambiri zimene anthu amati zakana nyambo, zoona zake zimakhala kuti zinadya koma mbedza inali yobuntha, yadzimbiri, kapena yaikulu kuposa kamwa. Nambala ya mbedza imayenda chobwerera: nambala ikamakula mbedza ikuchepa, moti nambala 12 ndi yaing'ono kuposa nambala 6. Ya makumba ikhale yaing'ono, ya mlamba yokulirapo ndi yolimba. Poyesa kuthwa, ikandeni pachikhadabo. Ikamangotsetsereka osakola, inoleni kapena itayeni. Ndalama imene mukanagulira kabotolo konunkhira igule mbedza zabwino.

Pali nyambo zina zomwe sindifuna n'kuziona komwe. Kusakaniza madeya ndi mankhwala a m'dimba kapena a thonje si usodzi, n'chimodzimodzi kuthira katupe. Kumapha nsomba ndi ana ake omwe, ndipo nsomba yomweyo ikathera m'mbale ya munthu. Lamulo la za usodzi la mu 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. China n'chotenga tinsomba tamoyo ku damu kapena mtsinje wina kukachita nyambo kwina. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda pa nsomba otchedwa EUS, ndipo matenda otere amayenda ndi nsomba, madzi ndi zipangizo zonyowa. Nyambo yamoyo ichokere m'madzi omwewo amene mukuwedzamo, yotsala musaikhuthulire m'madzi ena pobwerera. Amene mumakonda matumbo a nkhuku ogonetsa, musawasunge m'chidebe chomwe muikemo nsomba, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima, pakuti za kolera kuno ku Chilwa sitichita kumva kwa ena.

Mnyamata uja sanabwerere chimanjamanja. Dzuwa litapendeka, mkulu wosoka ukonde uja anatuma mdzukulu wake kukatenga chitini cha nyongolotsi, ndipo anamuonetsa kabayidwe kake: kulowetsa mbedza kawiri kapena katatu, mchira n'kuusiya ukugwedera. Anakola milamba iwiri usiku womwewo. Kansomba kamodzi kapulasitiki anamusiyira mdzukuluyo, amene anakachotsa mbedza n'kukamangirira pa belu la njinga.