Tour de France wa 2024: chifukwa chake opambana anali angapo

Amene anatsatira mpikisano wa njinga wa Tour de France wa 2024 anamva mayina awiri akutchulidwa ngati opambana. Ena ankati wapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Ena, makamaka kuno ku Africa, ankati ndi Biniam Girmay wa ku Eritrea. Onsewo ankanena zoona, ngakhale kuti nthawi ya Girmay inali maola angapo kumbuyo kwa ya Pogačar. Mpikisano wa njinga wa masiku ambiri umanyamula mipikisano ingapo mkati mwake, ndipo zotsatira zake sizimveka ngati simukudziwa chimene wopalasa aliyense ankalimbirana.

Ulendowu unayambira mumzinda wa Florence ku Italy pa 29 June, n'kukathera ku Nice pa 21 July. Mwamwambo umathera ku Paris, koma chaka chimenecho mzindawo unkakonzekera masewera a Olympics. Unali ndi zigawo 21 ndi masiku awiri opuma, mtunda wonse pafupifupi makilomita 3,500, ngati kupalasa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe maulendo oposa khumi. Matimu anali 22, iliyonse ndi opalasa 8, onse pamodzi 176. Amene anafika ku Nice ndi 141.

Chigawo chilichonse ndi mpikisano pachokha, ndipo woyamba kudutsa mzere ndiye wapambana tsikulo. Koma mwini mpikisano wonse amapezeka pophatikiza nthawi ya zigawo zonse. Amene nthawi yake yachepa kuposa ya onse amavala jezi yachikasu m'mawa mwake, ndipo amene waivala pomaliza ndiye katswiri wa chaka chimenecho. Pogačar anatenga maola 83, mphindi 38 ndi masekondi 56. Jonas Vingegaard wa ku Denmark anakhala wachiwiri, kumbuyo ndi mphindi 6 ndi masekondi 17, ndipo Remco Evenepoel wa ku Belgium wachitatu, kumbuyo ndi mphindi 9 ndi masekondi 18. Paliwiro la pafupifupi makilomita 42 pa ola limene Pogačar anayenda nalo, mphindi 6 zimenezo ndi mtunda wa makilomita anayi ndi pang'ono. Pa masabata atatu ukuoneka mpata wochepa, koma m'masewerawa ndi waukulu ndithu. Mu 1989 Greg LeMond anagonjetsa Laurent Fignon ndi masekondi 8 okha.

Malamulo atatu ndi amene amasokoneza owerenga ambiri. Onse ofika pamzere ali m'chigulu chimodzi chosadukiza amapatsidwa nthawi yofanana, ngakhale wa kumchira atadutsa patapita masekondi angapo. N'chifukwa chake mumaona mayina 100 ali ndi nthawi imodzimodzi. Atatu oyambirira pachigawo amachotseredwa masekondi 10, 6 ndi 4 pa nthawi yawo ngati mphotho. Ndipo pa zigawo za pachidikha, amene wagwa kapena kuphulikiridwa tayala m'makilomita otsiriza, kawirikawiri atatu, amapatsidwa nthawi ya gulu limene anali nalo, kuti anthu asaphane polimbirana malo akutsogolo. Nthawi ikafanana ndendende kumayambiriro kwa mpikisano amawerenga malo amene munthu wakhala akufika pa zigawo zonse. Umu ndi mmene Richard Carapaz wa ku Ecuador anavalira jezi yachikasu pambuyo pa chigawo chachitatu, ali ndi nthawi yofanana ndi ya Pogačar. Anaivala tsiku limodzi lokha.

Funso lenileni ndi lakuti: ngati pachidikha onse amafika limodzi, mpata wa mphindi 6 unachokera kuti? Yankho lili pa mphepo. Aliyense wopalasa njinga amadziwa kuti mphepo ikamaomba kumaso, miyendo imalemera. Paliwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, mphamvu zambiri za munthu zimathera pokankha mpweya. Wopalasa pafupi kwambiri ndi tayala la mnzake wapatsogolo amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo, ndipo wobisala pakati pa chigulu amapulumutsa zoposa pamenepo. Choncho pachidikha katswiri sangawathawe anzake: iye yekha akulimbana ndi mphepo pamene iwo akusinthana kutsogolo, ndipo amamugwira. Pachitunda liwiro limatsika kufika makilomita 20 kapena 25 pa ola, kubisala sikuthandizanso kwambiri, ndipo chotsala ndi mphamvu ya munthu poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake. Njinga sizisiyana kwenikweni, chifukwa lamulo silola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8.

Tikaona mmene mpata wa pakati pa Pogačar ndi Vingegaard unakulira, zikuonekera poyera. Asanalowe m'mapiri a Pyrenees, Vingegaard anali kumbuyo ndi mphindi imodzi ndi masekondi 14. Pa chigawo cha 14, chokathera ku Pla d'Adet, anataya masekondi 39 pamsewu ndi ena 4 a mphotho. M'mawa mwake pa Plateau de Beille, chitunda cha makilomita 15.8 chimene pa mamita 100 aliwonse chimakwera pafupifupi mamita 8, timu ya Vingegaard inakoka chigulu mwamphamvu tsiku lonse pofuna kumutopetsa Pogačar. Vingegaard anayamba yekha kuukira chitunda chikadali chachitali, koma Pogačar anamumatirira kumbuyo, kenako anamusiya n'kupambana ndi mphindi imodzi ndi masekondi 8. Mpata unafika mphindi 3 ndi masekondi 9, ndipo kwa ife mpikisano unathera pamenepo. Ku Isola 2000 pa chigawo cha 19, atadutsa msewu wa Cime de la Bonette wokwera mamita 2,802, mpata unafika mphindi 5 ndi masekondi 3.

Malo ena otayirapo nthawi ndi zigawo zimene aliyense amanyamuka yekha, kupikisana ndi wotchi, popanda womutchingira mphepo. Zinalipo ziwiri. Choyamba, cha makilomita 25.3, anapambana Evenepoel. Chotsiriza, cha makilomita 33.7 kuchoka ku Monaco kupita ku Nice, anapambana Pogačar, n'kuwonjezera mphindi imodzi ndi masekondi 3 pa Vingegaard. Chinali chigawo chake chachisanu ndi chimodzi chaka chimenecho. Anali atapambananso Giro d'Italia, mpikisano wina wa masabata atatu wa ku Italy, mu May, ndipo kupambana iwiriyi m'chaka chimodzi ndi chinthu chimene palibe anachita chichitireni Marco Pantani mu 1998.

Malo achiwiri a Vingegaard asapeputsidwe. Mu April anagwa koopsa pa mpikisano wa ku Basque ku Spain, anathyoka fupa la paphewa ndi nthiti, ndipo phapo lake linavulala. Patangotha miyezi itatu anagonjetsa Pogačar pamzere ku Le Lioran pa chigawo cha 11.

Tsopano za Girmay. Jezi yobiriwira siwerengera nthawi koma mapointi. Wopambana chigawo cha pachidikha amalandira 50, otsatira amalandira ocheperapo motsikatsika, ndipo pakati pa njira pamakhala mzere wina umene woyamba kuudutsa amapata 20. Iyi ndi jezi ya anthu a liwiro la kumapeto, amene amabisala m'chigulu tsiku lonse n'kudzatulukira m'mamita 200 otsiriza akuyenda makilomita pafupifupi 70 pa ola. Anzawo a mutimu amandandana patsogolo pawo, aliyense amakoka mpaka mphamvu zitatha n'kupatuka. Wotuluka msanga mphepo imamutha asanafike. Wochedwa amatsekeredwa njira. Girmay, wa timu ya Intermarché-Wanty, anapambana ku Turin pa chigawo chachitatu, cha makilomita oposa 230, n'kukhala munthu wakuda wa mu Africa woyamba kupambana chigawo cha Tour de France. Anapambananso ku Colombey-les-Deux-Églises pa chigawo cha 8 ndi ku Villeneuve-sur-Lot pa cha 12. Jasper Philipsen wa ku Belgium nayenso anapambana zigawo zitatu, choncho jeziyo inagamulidwa ndi mapointi otolera pang'onopang'ono: malo achiwiri, achinayi, mizere ya pakati pa njira. Ku Nîmes pa chigawo cha 16 Girmay anagwa chakumapeto, sanapate kanthu pamzere, Philipsen anapambana ndipo mpata unachepa kwambiri. Girmay anaugwirabe mpaka ku Nice n'kutenga jezi yobiriwira: mapointi 387 kwa 354.

Kuti munthu wa liwiro asunge jezi imeneyo ayenera kukwera mapiri onse, ndipo apa pali chiopsezo chimene ambiri sachidziwa. Tsiku lililonse lili ndi malire a nthawi, owerengedwa kuchokera pa nthawi ya wopambana malinga ndi kuvuta kwa njira ndi liwiro la tsikulo. Wofika malirewo atadutsa amachotsedwa, kaya ali ndi mapointi angati. N'chifukwa chake otsalira amapanga gulu lawolawo kumbuyo, amawerengera mphindi zimene angataye pa chitunda chilichonse, n'kuyesetsa kubweza zina potsetsereka.

Jezi yamadontho ofiira, ya wotolera mapointi ambiri pamwamba pa zitunda, anatenga Carapaz. Yoyera, ya wachinyamata wosapitirira zaka 25 wa nthawi yabwino, anatenga Evenepoel.

Anthu 35 amene sanamalize anachoka m'njira zodziwika. Kugwa kumachotsa ambiri: Primož Roglič, amene ankayembekezeka kulimbirana malo apamwamba, anagwa pa chigawo cha 12 ndipo sananyamukenso m'mawa mwake. Matenda amalowanso, popeza thupi lotopa siliteteza bwino. Ena anachoka ndi Covid. Vuto lina ndi njala. Thupi limasunga shuga wokwana pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba, pamene chigawo chimatenga maola anayi kapena asanu. Opalasa a masiku ano amadya magalamu 90 mpaka 120 a zakudya za shuga pa ola ali panjinga, timakeke ta mpunga ndi zakumwa zotsekemera, ndipo amayamba asanamve njala. Woiwala kudya kwa ola limodzi miyendo imamuthera mwadzidzidzi pachitunda, ndipo akhoza kutaya mphindi zingapo m'makilomita ochepa. Mabotolo a madzi amakawatenga ku galimoto ya timu ndi opalasa otumikira mtsogoleri wa timu, omwenso amamupatsa tayala kapena njinga yawo yake ikawonongeka. Mayina awo amapezeka m'munsi mwa mndandanda chifukwa mphamvu zawo zinathera pa mnzawo, ndipo mwamwambo ndalama za mphotho, zimene kwa wopambana ndi mayuro 500,000, zimagawidwa kwa timu yonse.

Pansi penipeni pa mndandanda wa 2024, pa nambala 141, pali Mark Cavendish wa ku Britain, maola oposa 6 kumbuyo kwa Pogačar. Tsiku loyamba anavutika ndi kutentha, anasanza ali panjinga, n'kufika mphindi 39 kumbuyo kwa wopambana, malire a nthawi asanamupeze. Pa chigawo chachisanu ku Saint-Vulbas, ali ndi zaka 39, anapambana chigawo chake cha 35 pa Tour de France, kuposa 34 za katswiri wakale Eddy Merckx wa ku Belgium zimene zinakhala pamwamba kuyambira 1975.